M'mera Mpoyamba: Kodi Kamera ya Ana Athu Yaima Mbali ya Ndani?

Aliyense amene ali ndi foni yamakono mu mzinda uno wa Mzuzu adalandirapo kakanema ka mtundu umene ndikufuna kukamba, kojambulidwa ndi ophunzira a m'makoleji kapena m'masekondale. Kamayamba ndi mdima ndi kugunda kwa nyimbo ya kunja. Kenaka pamatulukira anyamata anayi kapena asanu atafola mumsewu, akuyenda mwapang'onopang'ono ngati anthu owoloka mtsinje wosefukira. Kamera ili pansi, pafupi ndi nsapato zawo, yaloza m'mwamba. Wapakati wavala magalasi akuda ngakhale kuli usiku, utsi ukutuluka m'kamwa, mfuti yachidole ili m'chiuno. Amakumana ndi munthu amene nkhope yake sitiiona. Munthuyo amagwa, iwo amamulumpha, ndipo dzina la filimu limatuluka m'zilembo zofiira ngati magazi. Mphindi ziwiri zatha, ndipo anzawo amawomba m'manja kuti luso lafika pa Malawi.

Ine ndikukana kuwomba nawo m'manja. Chiyambi chotere n'cholakwika pa khalidwe, n'chabodza pa za Mzuzu, ndiponso n'chofooka pa luso lenilenilo limene eni ake akunyadira. Zolakwika zitatuzi zimachokera pa chisankho chimodzi, ndicho malo amene wojambula waimika kamera yake. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mphindi ziwiri zoyamba za filimu ndizo zimauza woonera munthu woti amukonde, woti amuope, ndi woti asamuwerengere n'komwe. Phunziro limenelo likangolowa, zonse zobwera pambuyo zimavutika kulizula.

Ndisanapite patali, ndiyankhe makolo ndi akuluakulu anzanga amene mankhwala awo ndi achidule: letsani basi, alandeni mafoni. Dziko lino lakhala ndi lamulo lounika ndi kuletsa mafilimu kuyambira 1968, ndipo lumo la boma lidadula zambiri m'zaka za chipani chimodzi. Koma lumo limangochotsa. Silidaphunzitsepo mwana aliyense kufotokoza nkhani. Lero palibe bungwe limene lingaime pakati pa foni ya mwana wa ku Chibavi ndi foni ya mnzake wa ku Luwinga. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 221,272 mu mzinda uno, ndipo m'dziko lonse oposa theka adali osakwana zaka 18. Khamu limeneli lidzajambula, tifune tisafune. Komanso umbanda si nkhani yoti tiziibisa. Ulipo pakati pathu, ndipo mtundu wobisa zilonda zake umawola nazo. Chimene tiyenera kukangana ndi ana athu ndi kakambidwe kake.

Ophunzira ambiri amaiyesa kamera kalilole, chinthu chongobweza zimene zaikidwa patsogolo pake. Kamera imafanana kwambiri ndi mboni pabwalo la milandu: imasankha choti inene, choti isiye, ndi kamvekedwe ka mawu ake. Tiyambe ndi msinkhu wake. Mukaika kamera pansi n'kuilozetsa m'mwamba, munthu amaoneka wamtali ndi woopsa, ndipo woonera amakhala ngati wagwada pamaso pake. Mukaikweza n'kuilozetsa pansi, munthu yemweyo amachepa ngati mwana woitanidwa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Mukaiika molingana ndi maso ake, mumakumana naye monga munthu mnzanu, wokhoza kulakwa ndi wokhoza kulapa. Choncho wophunzira amene wagona chafufumimba pafumbi kuti ajambule wachifwamba kuchokera kumapazi watigwaditsa tonse kwa wachifwambayo, kaya adafuna kaya sadafune.

Chachiwiri ndi nthawi. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Mafoni ambiri a masiku ano amatha kujambula zithunzi 120 pa sekondi, ndipo zimenezi zikaonetsedwa pa liwiro la 24, kuyenda kwa sekondi imodzi kumatambasuka n'kukhala masekondi asanu. Kwathu kuno kuyenda modekha n'kwa olemekezeka: mfumu sithamanga, mkwatibwi sathamanga. Mukapatsa chigawenga masekondi asanu pa phazi lililonse, wobayidwa n'kumupatsa theka la sekondi, mwagamula kale moyo wolemera ndi moyo wopepuka. Nyimbo nayo imaweruza. Ikani nyimbo yovinitsa pansi pa chithunzi cha munthu akumenyedwa, woonera adzagwedeza mutu motsatira ng'oma, ndipo thupi lake lidzakhala litavomera zimene mtima wake ukadakana. Chotsani nyimboyo, musiye kubuula kwa womenyedwa ndi kuuwa kwa galu patali, chithunzi chomwecho chidzamuumitsa pakamwa.

Chachitatu ndi kalumikizidwe ka zithunzi. Zaka pafupifupi 100 zapitazo, Lev Kuleshov wa ku Russia adaonetsa anthu nkhope imodzimodzi ya wosewera, koyamba itatsatana ndi mbale ya chakudya, kenaka ndi bokosi la maliro, kenaka ndi mkazi. Oonera adati aona njala, chisoni ndi chilakolako, chikhalirecho nkhopeyo sidasinthe n'kamodzi komwe. Tanthauzo la chithunzi limachokera pa chithunzi choyandikana nacho. Tsono wobayidwa akangogwa, inu mumadula kupita kuti? Mukapita pa kumwetulira kwa wobaya, mwanena kuti chachitikachi n'chipambano. Mukakhalabe pa dzanja la wogwayo likufufuza kathumba ka ufa kamene amapita nako kwa ana ake, mwanena kuti dziko lataya munthu. M'timakanema tambiri timene tikuyenda mu mzinda muno, wophedwa alibe dzina, alibe nkhope, alibe womudikira kunyumba. Ndi chiwiya chabe, chofanana ndi mpando kapena botolo.

Eni mafilimuwa ali ndi mayankho awo, ndipo n'koyenera kuwamva. Loyamba n'lakuti: "Dikirani mathero, kumapeto chigawenga chimafa kapena chimamangidwa, ndiye phunziro lili pamenepo." Mawu amenewa ndi akale kuposa agogo awo. Mu 1931 filimu ya ku America yotchedwa The Public Enemy idayamba ndi mawu olembedwa otsimikizira anthu kuti cholinga chake sichidali kutamanda zigawenga. Mu 1932 oyang'anira makhalidwe adakakamiza opanga Scarface kuwonjezera pa dzina lake mawu osonyeza kuti umbanda ndi manyazi a dziko. Kuyambira 1934 makampani a ku Hollywood adayamba kutsata mokhwima malamulo akuti wochita zoipa asaoneke wopindula. Nanga zidathandiza? Scarface idapangidwanso mu 1983, Al Pacino akusewera ngati Tony Montana. Munthuyo amathera m'dziwe la madzi, thupi lili zibowo zokhazokha za zipolopolo, atapha mnzake wapamtima ndi kutayitsa moyo wa mlongo wake. Komabe kwa zaka zoposa 40 chithunzi chake chakhala pa malaya ndi pa makoma a achinyamata m'maiko ambiri, ndipo oimba amatchula dzina lake monyadira. Anthu adaiwala mtembo wa m'dziwe, n'kusunga suti yoyera ndi mfuti. Chilango cha mphindi zisanu sichifafaniza ulemerero wa maola oposa awiri.

Kwa ophunzira athu nkhaniyi ndi yoipirapo, chifukwa kawirikawiri mathero amene amalonjezawo sajambulidwa n'komwe. Ntchito ya m'kalasi imafuna chiyambi chokha, cha mphindi ziwiri kapena zitatu; ndalama zimatha, mayeso amafika, gulu limabalalika. Chimene chimatsala n'kumayenda m'mafoni ndi chiyambi chija, chodulidwanso kukhala timasekondi tochepa pa WhatsApp ndi TikTok. Mwana wa Sitandade 6 ku Zolozolo amene wachiona pafoni ya mkulu wake sadzaiona ndende imene idali m'mutu mwa wolemba. Iye waona kuyenda kwa matama, magalasi ndi mfuti. Ngati chiyambi ndicho chokha chidzaoneke, ndiye kuti chiyambicho chiyenera kusenza choonadi chonse.

Yankho lachiwiri n'lakuti: "Ife tikungoonetsa zenizeni." Zenizeni za kuti? Mzuzu ndi mzinda wa chifunga ndi mvula yowaza, wa nyumba zomata m'mapiri a Masasa, wa matope a ku Salisbury Line nthawi ya dzinja, wa akabaza ofola pa Katoto, wa msika wa Taifa kumene Chiswahili chimamveka pakati pa milu ya nsalu. Anthu ake amayamba chiganizo m'Chitumbuka n'kuchimaliza m'Chichewa, ena m'Chitonga, ena m'Chinkhonde. Koma zigawenga za m'mafilimu a ana athu zimalankhula Chingerezi cha ku Los Angeles, zikutukwana ndi mawu amene lilime lawo likulimbana nawo, zitanyamula chikwama chodzaza mapepala odulidwa ngati madola. Wophunzira sadapite kukaona wachifwamba wa kwawo. Adaonera mafilimu m'nyumba zoonetsera mavidiyo ndi pa YouTube, n'kukopera chithunzi cha chithunzi. Amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Muno ngakhale nyererezo n'zobwereka.

Wachifwamba wa kwathu amadziwika. Kawirikawiri chida chake ndi chikwanje kapena chitsulo chothyolera zitseko. Amabisala pa njira yachidule usiku, amatsomphola foni ya mayi wochokera kumsika, amakwera njinga yamoto ngati kasitomala n'kukantha wakabaza akafika pamalo opanda anthu. Foni yakubayo amaigulitsa pamtengo wolira, ndipo ndalama zake zimathera pa kachasu ndi chamba kusanache. Amagona diso limodzi lili tcheru: amaopa apolisi, amaopa khamu, amaopa anzake omwe. Amayi ake amayenda chowerama akamapita ku mjigo. Akagwidwa, lamulo la dziko lino limalola kuti wakuba moopseza ndi chida akhale m'ndende moyo wake wonse, ndipo ndendezo ndi zija bwalo lalikulu la milandu lidagamula mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana kwa m'menemo n'kuzunza anthu. M'moyo umenewu mulibe kuyenda kwa ufumu kotsatana ndi nyimbo. Muli njala, mantha ndi manyazi, ndipo zitatuzi ndizo chuma cha wolemba nkhani wanzeru. Amene akufunadi zenizeni ayambire pamenepa.

Chodabwitsa n'chakuti mafilimu otchuka a zigawenga, amene ophunzirawa amawayesa aphunzitsi awo, sayamba mmene iwo amayambira. The Godfather ya Francis Ford Coppola, ya 1972, imayamba mu mdima ndi mawu a bambo wina wogwira ntchito yokonza maliro. Nkhope yake imatulukira, akudandaula za mwana wake wamkazi amene adamenyedwa ndi anyamata awiri, bwalo la milandu osawatsekera m'ndende. Kamera imabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kwa mphindi zoposa ziwiri, mpaka tiona dzanja ndi nkhongo ya munthu amene akumvetsera. Palibe mfuti, palibe kuthamanga. Mantha onse akuchokera pa bambo wolira amene wasowa chilungamo n'kupita kukachipempha kwa chigawenga. M'mphindi zochepazo taphunzira kumene mphamvu za zigawenga zimachokera: zimamera pamene chilungamo chafota. Filimuyi nayo ili ndi mlandu wake wokometsera umbanda m'zigawo zina, koma chiyambi chake n'cha munthu amene adakhala pansi n'kuganiza.

City of God ya ku Brazil, ya 2002, imene Fernando Meirelles adatsogolera limodzi ndi Kátia Lund, imayamba ndi mpeni ukunoledwa pamwala. Nkhuku zikuphedwa ndi kusosoledwa, ndipo nkhuku ina yomangidwa mwendo ikuyang'ana zimene zikugwera zinzake. Imamasuka n'kuthawa, gulu la anyamata a mfuti likuithamangitsa m'tinjira ta dera losauka la ku Rio de Janeiro, mpaka mnyamata wina wonyamula kamera apezeka ataima pakati pa msewu, mbali iyi zigawenga, mbali iyo apolisi. Taonani kumene opanga filimu adaika mtima wa woonera: pa nkhuku. Tisanadziwe dzina la chigawenga chilichonse, talawa kale mantha a chinthu chosakidwa. Ndipo ambiri mwa osewerawo adali ana a m'madera omwewo, olankhula chinenero cha m'misewu yawo.

Pafupi ndi kwathu pali Tsotsi ya Gavin Hood, ya 2005, yochokera m'buku la Athol Fugard, imene idapambana mphoto ya Oscar mu 2006. Mmenemu muli zonse zimene ana athu amakonda: njuga ya madayisi, nyimbo ya kwaito, anyamata anayi oyenda mwamatama m'komboni ina ya ku Johannesburg. Koma filimuyo siimira pamenepo. Pa siteshoni ya sitima timaona bambo amene anyamatawo amusankha, nkhope yake yosangalala akugula kanthu, envelopu ya ndalama ili m'manja. M'sitima amamuzinga, mmodzi amamubaya ndi chitsulo chosongoka, ndipo timaona nkhope yake moyo ukuchoka. Atatuluka, mmodzi wa anyamatawo amasanza, kenaka amapanikiza mtsogoleri wawo ndi mafunso a umunthu mpaka amenyedwa. Matama aja alipiridwa filimu isanapite patali. Ophunzira athu amatenga kuyendako n'kusiya masanzi, chonsecho masanziwo ndiwo mtima wa chiyambi chimenecho.

Ife amene timaphunzitsa ana Qur'an tili ndi chitsanzo chakale kuposa zonsezi. Nkhani ya kuphana koyamba pa dziko, ya ana awiri a Adam (mtendere ukhale pa iye) amene akatswiri a Tafsir amawatchula Habil ndi Qabil, ili mu Surah Al-Ma'idah, ndime 27 mpaka 31. Taonani kagawidwe ka malo m'nkhaniyo. Kuopseza kwa wakupha n'kwachidule kwambiri. Yankho la wophedwa ndilo lapatsidwa malo aakulu, kotero kuti timaudziwa mtima wake asanafe. Kupha kwenikweniko kwatchulidwa m'mawu owerengeka, popanda kunena chida kapena kuwerenga mabala. Kenaka nkhani imakhala pa wakuphayo ali ndi mtembo wa m'bale wake, osadziwa chochita nawo, mpaka khwangwala wofukula pansi amuphunzitsa, iye n'kugwidwa ndi chisoni. Choipacho sichidabisidwe, komanso sichidavekedwe nkhata ya maluwa. Wophunzira aliyense wa filimu, Msilamu ndi wosakhala Msilamu, angapindule poona dongosolo limeneli: wolakwiridwa alankhule, chiwawa chifupike, zotsatira zake zitalike.

Yankho lachitatu ndi la umphawi: "Tilibe zipangizo." Komatu chiyambi cha matama ndicho chodula: chimafuna galimoto yobwereka, zovala, mfuti zachidole, ndi magazi opanga amene amaoneka ngati msuzi wa tomato. Children of Heaven ya Majid Majidi wa ku Iran, ya 1997, imayamba ndi manja a wosoka nsapato akusoka kansapato ka mwana wamkazi, kamera itangoti duu pa manjawo. Filimu yonse yagona pa kutayika kwa nsapato zimenezo, ndipo idafika pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Oscar. Foni imodzi ikhoza kujambula manja otero pa msika wa Zigwagwa mawa lomwe. Chimene chimagwetsa mafilimu a ophunzira kawirikawiri ndi mawu. Woonera amapirira chithunzi chosawala bwino, koma sapirira mawu osamveka. Foni yojambula ikakhala mamita asanu kuchokera kwa wolankhula, imatola mphepo ndi maminibasi. Njira yake ndi yotsika mtengo: foni yachiwiri ibisidwe m'thumba la malaya a wosewera kuti itole mawu okha, wina awombe m'manja kamodzi poyamba, ndipo polumikiza mugwirizanitse kuwombako pa chithunzi ndi pa mawu.

Kuwala nako tili nako kwaulere. Kamera ya foni imavutika mu mdima, chithunzi chimadzaza timadontho; n'chifukwa chake usiku wa m'mafilimu a ana athu umaoneka ngati phala. Jambulani m'bandakucha kapena dzuwa litangolowa, thambo likadali ndi kuwala pang'ono. Mzinda uno udapatsidwa chifunga cha m'nyengo yozizira chimene opanga mafilimu a kunja amachipanga ndi makina. Nyali ya njinga yamoto, koloboyi wa paokala, tochi ya mlonda: zonsezi zimawalitsa mbali imodzi ya nkhope n'kusiya inayo mu mthunzi. Za nyimbo, kumbukirani kuti nyimbo ya munthu ndi chuma chake. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016 ndi bungwe la COSOMA loteteza eni ake, ndipo YouTube imatha kuzindikira nyimbo yotengedwa popanda chilolezo n'kuitsekereza. N'zochititsa manyazi kuti filimu yoti ikudzudzula kuba iyambe ndi nyimbo yakuba. Phokoso la mzinda wathu, mvula padenga la malata, macheka a amatabwa, tcheni cha njinga, n'laulere ndipo n'lathu.

Pali chisankho chinanso chimene chikhoza kutayitsa moyo. Kujambula munthu akuthamanga ndi chikwama pakati pa msika, wina akukuwa kuti "Wakuba!", popanda kudziwitsa apolisi, mfumu ya dera ndi akuluakulu a msika, n'kuseweretsa moto padenga la udzu. Tonse tikudziwa chimene khamu la kwathu limachita likamva mfuu imeneyo. Mu Epulo 2016 ofesi yoona za ufulu wa anthu ya bungwe la United Nations idadandaula poyera kuti m'miyezi iwiri yokha anthu 16 adaphedwa ndi makamu m'Malawi muno. Khamu silifunsa ngati mfuti ndi yachidole, ndipo mwala suwerenga pepala la sewero. Mphunzitsi amene amatuma ana kukajambula zachiwawa mumsewu osawafunsa za chilolezo, za wamkulu wowaperekeza ndi za chida chimene anyamula, wapereka theka la phunziro. Chikwanje chojambulira chikhale chamtengo chopaka utoto. Chenicheni chisafike n'komwe pamalopo.

Ndinenenso za atsikana. M'ziyambi zambiri mtsikana amaikidwa pambali pa chigawenga monga mmene amaikira mkanda m'khosi mwake, chokongoletsa chosonyeza kuti mwamunayu wapambana. Salankhula, alibe dzina, kamera imamuyambira kumiyendo. Mtsikana ameneyu ndi wophunzira mnzawo, mwana wa munthu, ndipo kakanemako kadzakhalabe pa intaneti tsiku limene adzafune ntchito kapena banja. Ngati nkhani ikufuna mkazi, mupatseni mawu ndi chifukwa chokhalira m'nkhanimo. Mlongo wa wakuba, amene amadya ndiwo zogulidwa ndi ndalama zimene akuzikayikira, ali ndi nkhani yaikulu kuposa ya wakubayo.

Wodzudzula ayenera kuloza ndi njira yomwe, ndiye nachi chiyambi chimene gulu la ophunzira asanu lingajambule ndi mafoni awiri. Ndi m'bandakucha ku Mchengautuwa, azana ikumveka patali, chifunga chaphimba nyumba. Manja a bambo akupukuta mame pa mpando wa njinga yamoto. Njingayo si yake. M'kakope akulemba ndalama zimene ayenera kupereka kwa mwini wake madzulo. Mkazi wake akumupatsa tiyi m'kapu yachitsulo n'kumukumbutsa za nsapato za mwana. Pa siteji pali anyamata awiri. Wina wanyamula kanthu kokulunga m'thumba la feteleza. Mnzake, wamng'ono, manja akunjenjemera, ndipo sitidziwa ngati n'kuzizira kapena mantha. Amanenerera mtengo wopita ku Dunduzu, ndipo bamboyo amawachotserako pang'ono poti ndi makasitomala oyamba. Amakwera. Kamera, itaima molingana ndi maso a munthu, imatsala pa siteji. Nyali yofiira ya kumbuyo imalowa m'chifunga, kulira kwa injini kumachepa, kenaka kumaleka mwadzidzidzi. Galu akuuwa. Dzina la filimu litulukire pamenepo. Palibe dontho la magazi, koma palibe woonera amene angadzuke pampando. Ndipo filimu ikadzatsatira mnyamata wonjenjemera uja, monga filimu ya zigawenga iyenera kuchitira, tidzamutsatira tikudziwa mtengo wa zimene wachita.

Ena adzati uwu ndi ulaliki, filimu si mzikiti kapena tchalitchi. N'zoona kuti filimu yolalikira imatopetsa, ndipo sindikupempha kuti wosewera atembenukire ku kamera n'kuyamba kulangiza. M'chiyambi ndafotokozachi mulibe liwu ndi limodzi lomwe la malangizo. Pempho langa n'lakuti munthu aliyense wa m'nkhani, wakuba ndi woberedwa yemwe, ajambulidwe ngati munthu. Opanga mafilimu a kwathu amene afika patali adayenda njira imeneyi. The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, ya 2017, imene idapambana mphoto ya Africa Magic mu 2018, imayang'ana amayi oyendayenda a ku Blantyre osawanyoza ndiponso osakometsera moyo wawo. Fatsani ya Gift Sukez Sukali imauona msewu ndi maso a kamtsikana kogulitsa malonda. Awa sadabwereke Los Angeles. Adajambula Malawi amene amamudziwa, ndipo akunja adawatchera khutu.

Tsono kwa aphunzitsi a zaluso ndikuti: poika malikisi musamangoona ngati chithunzi chawala ndi ngati kudula kwayenda bwino, mufunseni wophunzira chifukwa chimene kamera yaimira pamene yaimapo, ndipo asadutse wopanda yankho. Kwa makolo ndi atsogoleri a m'mizikiti ndikuti: mwana akabwera ndi kakanema kake, khalani pansi muonere naye, mumufunse dzina la munthu wagwayo ndi la amene akumudikira kunyumba, funso limenelo lidzagwira ntchito imene kulanda foni sikungagwire. Kwa amalonda athu ndikuti: mayikolofoni imodzi yabwino yobwereketsa magulu a achinyamata ndi sadaka yotsika mtengo kuposa mmene mukuganizira. Ndipo kwa inu ana athu onyamula kamera, luso muli nalo, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Kamera ndi amana imene mwasenza, ndipo mboni iliyonse idzafunsidwa za umboni wake. Musanagone pafumbi kuti mukweze wachifwamba, pitani kaye pa siteji ya akabaza, mukhale nawo m'mawa umodzi, muwafunse za anzawo amene adanyamula kasitomala usiku osabwereranso. Mukatero simudzafunsa munthu poimika kamera.